Kaloko ka pa browser si lebulo ya mbewu yovomerezeka

Nyengo yoitanitsa mbewu ikafika, ntchito yambiri imene kale inkafuna ulendo wa basi timaichitira pa kompyuta ya m'sitolo kapena pa foni. Timafunsa mitengo, timayang'ana ngati mtundu wa chimanga uli m'kaundula wa SADC kapena wa COMESA, timalipira katundu kudzera ku banki. Zonsezi zimadutsa pa pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti imene ambiri timangoitchula kuti browser: Chrome, Firefox, Edge kapena Safari. Ikakana kutsegula tsamba, malonda amaima. Ikatifikitsa kwa munthu wolakwika, mpamba wa chaka chonse ungapite tsiku limodzi. M'nkhani ino tifotokoza zimene browser imatiuza, zimene siingathe kutiuza, ndi zoyenera kuchita ikavuta.

Kumene kaloko kamachokera

Amalonda a mbewu ambiri amaukumbukira mzinda wa Cape Town chifukwa cha msonkhano waukulu wa bungwe la International Seed Federation umene unachitikira kumeneko mu June 2023. Koma mzindawu ulinso ndi mbiri pa nkhani ya kaloko kamene takhala tikukaona pafupi ndi adiresi ya tsamba. Mu 1995, Mark Shuttleworth, amene ankaphunzira pa yunivesite ya Cape Town, anayambitsa kampani yotchedwa Thawte. Ntchito yake inali kupereka ziphaso kwa eni masamba a pa intaneti, kuti browser ikafika pa tsamba izitsimikiza kuti yafikadi pa adiresi imene yalembedwayo. Mu 1999 kampani ya ku America ya VeriSign inagula Thawte pa mtengo wa madola pafupifupi 575 miliyoni.

Dongosolo limeneli likugwirabe ntchito. Browser iliyonse imasunga mndandanda wa mabungwe opereka ziphaso amene imawakhulupirira. Tikatsegula tsamba loyamba ndi https, imayang'ana zinthu zitatu: ngati chiphasocho chinaperekedwa ndi bungwe la pa mndandandawo, ngati dzina la pa chiphaso likufanana ndi adiresi, ndiponso ngati masiku ake sanathe. Zikakhala bwino, zonse zimene tikulemba, kaya mawu achinsinsi kaya nambala ya akaunti, zimayenda zobisidwa moti wina wa panjira sangaziwerenge.

Zimene kaloko sikanena

Apa m'pamene ambiri timasokonezeka. Ife tinazolowera lebulo yabuluu ya pa thumba la mbewu yovomerezeka, imene imaperekedwa oyendera minda ataona mbewu ili m'munda, ndipo akatswiri, monga a ku Chitedze, atayeza kameredwe kake. Lebuloyo imachitira umboni zimene zili m'thumba. Kaloko sikafika pamenepo. Kamafanana ndi msoko wa pakamwa pa thumba: kamasonyeza kuti palibe amene walitsegula panjira, koma sikanena ngati muli mbewu yeniyeni kapena chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto.

Masiku ano ziphaso zambiri zimaperekedwa ulere ndi makina, mwiniwake akangosonyeza kuti adiresiyo ndi yake. Choncho wakuba nayenso amatha kukhala ndi kaloko pa tsamba lake lonyenga. Pozindikira kuti anthu ambiri ankayesa kuti kaloko kakutanthauza kuti tsamba ndi lodalirika, mu 2023 kampani ya Google inakachotsa pa Chrome n'kuikapo kachizindikiro ka timizere tiwiri.

Chotsalira kwa ife ndi kuwerenga adiresi bwinobwino. Mwini tsamba amadziwika ndi mawu omalizira adiresi isanafike pa kamzere kopendekeka koyamba. Adiresi ya chitsanzo.co.za ndi ya mwini dzinalo, koma chitsanzo.co.za.malipiro.com ndi ya munthu wina, ngakhale yayamba mofanana. Akuba amasinthanso chilembo chimodzi, monga kuika nambala 1 m'malo mwa chilembo l. Masamba a banki ndi a makampani amene timagulako tiziwasunga pa bookmark, osati kuwalowera kudzera pa uthenga wa WhatsApp. Ndipo kalata ikabwera yonena kuti kampani yasintha nambala ya akaunti, tiyambe taimba foni pa nambala imene tinali nayo kale, osati imene yalembedwa m'kalatamo.

Browser ikachenjeza kapena kukana

Uthenga wakuti “Your connection is not private” umaopsa, koma nthawi zambiri gwero lake lili m'sitolo mwathu momwemo. Choyamba kuyang'ana ndi tsiku ndi nthawi ya pa kompyuta. Makompyuta akale ali ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene kamasunga wotchi. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima tsiku limabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo browser imaona ngati ziphaso zonse n'zolakwika. Tikakonza tsikulo, vuto limatha. Ngati tsiku lili bwino koma chenjezo likubwera pa tsamba limodzi lokha, tisadutse chenjezolo pa tsamba la banki kapena lolipirira katundu. Tidziwitse eni ake pa foni.

Tsamba likamaonetsa mitengo yakale kapena fomu ikamakana kutumizika, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti browser imasunga zidutswa za masamba amene tinatsegulapo kuti isamazikopere kawiri. Kudina Ctrl ndi F5 pamodzi kumaikakamiza kutenga tsamba latsopano. Zikakanika, Ctrl, Shift ndi Delete zimatsegula malo ofufutira zosungidwazo, koma tisankhe mosamala kuti tisafufute mawu achinsinsi amene sitinawalembe pena. Njira yachidule yoyesera ndiyo kutsegula tsambalo pa zenera la Incognito, kapena pa browser ina: likatseguka kumeneko, vuto lili m'zosungidwa kapena m'timapulogalamu towonjezera.

Tikadina batani lotulutsira risiti kapena chilolezo koma osaona kanthu, tiyang'ane kumapeto kwa malo a adiresi. Browser imatchinga mazenera odzitsegukira okha, ndipo kachizindikiro kamene kamaoneka pamenepo kamatipatsa mwayi wololeza tsamba limenelo lokha. Tizikumbukiranso kulola browser kudzikonzanso ikapempha, ngakhale bandulo idyekepo, chifukwa mabanki ambiri amakana browser yakale kwambiri.

Pamene vuto si lathu

Nthawi zina palibe chimene tingakonze. Intaneti ya chigawo chathu imadalira zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja. Kumpoto kwa Cape Town, chingwe cha WACS chimatulukira ku Yzerfontein, pamene SAT-3 ndi Equiano zimatulukira ku Melkbosstrand. Pa 14 March 2024 zingwe zingapo za kugombe la kumadzulo, kuphatikizapo WACS ndi SAT-3, zinawonongeka, ndipo ntchito zambiri za pa intaneti ku South Africa zinasokonekera. Pa 12 May chaka chomwecho zinaduka zingwe za EASSy ndi Seacom kugombe la kummawa, ndipo Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Kenya anali ena mwa mayiko okhudzidwa. Tsiku lotere kufufuta zosungidwa sikuthandiza. Tiyese masamba atatu osiyana, kenaka tiyese pa netiweki ina. Onse akamavuta, tidikire. Makamaka tisabwereze kulipira chifukwa chakuti tsamba linaima pakati, tisanaone sitetimenti ya ku banki.

Kompyuta ya m'sitolo imagwiridwa ndi anthu ambiri, choncho tisalole browser kusunga mawu achinsinsi a ku banki, ndipo tizituluka mu akaunti tikamaliza, osangotseka zenera. Alimi timawalangiza kuwerenga lebulo asanagule thumba la mbewu, ngakhale wogulitsa akhale wodziwika. Ifenso, mvula isanagwe ndi maoda asanachuluke, tiyeni tikhale pansi ndi antchito athu mphindi zochepa, tikonze wotchi ya kompyuta, tisunge maadiresi oona, ndipo tigwirizane kuti ndalama siituluka adiresi isanawerengedwe mpaka kumapeto.