Kuyenda msewu waukulu kuyambira poyambira mpaka pothera: zoyenera kudziwa anthu a kwa Kapondo

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, alimi ambiri a kwa Mfumu Yaikulu Kapondo amasonkherana ndalama n'kuchita hayala lole yoti iwanyamulire mtedza, soya kapena fodya kupita kumsika wakutali. Pokambirana za mtengo, pamakhala funso limene silisowa: kodi dalaivala sangapite n'kubwerako lero lomwe? Funsoli ndi lomveka, pakuti galimoto ikagona kunja ndalama ya hayala imakwera. Koma yankho lake limafuna kuti munthu audziwe msewu wonse kutalika kwake ndi zimene zili m'menemo, osati kachigawo kokhako kamene timakaona tikaima pa siteji. Nkhani ino ikufotokoza za misewu ikuluikulu imene imatilumikiza ndi madera ena, ndi chimene chimachitika munthu akati auyende msewu wotere wonse paulendo umodzi.

Misewu ya dziko lino ili ndi magulu ake, ndipo chilembo chimene chili patsogolo pa nambala ndicho chimatiuza gulu la msewuwo. Misewu ikuluikulu yolumikiza mizinda, maboma ndi zipata za m'malire imayamba ndi chilembo cha M. Pansi pake pali ya S, ya T ndi ya D, kenaka timisewu ta m'midzi timene tilibe nambala. Boma lathu la Mchinji lili ndi misewu iwiri ya M, ndipo yonse iwiri imathera kuno.

Woyamba ndi M12. Umachokera mumzinda wa Lilongwe, n'kudutsa pa Chitedze, Mpingu, Msundwe, Namitete, Waliranji ndi Kamwendo, kufika pa boma, n'kukathera pa chipata cha m'malire a dziko lino ndi Zambia. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110, ndipo kukafika pa chipata ndi pafupifupi 120. Uwu ndi msewu umene aliyense angathe kuuyenda wonse m'mawa umodzi popanda chovuta, ndipo a minibasi amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ena kangapo.

Wachiwiri ndi M18, umene ambiri timangoutcha msewu wa ku Kasungu, ngati kuti umathera kumeneko. Umapatuka pa Kamwendo, kudzera ku Kapiri ndi ku Santhe, n'kukakumana ndi M1 pa Chinkhoma, pamene pali okushoni ya fodya. Ukafika ku Kasungu umaloweranso kummawa, kudutsa pa Malomo, n'kutsetsereka kupyola m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota mpaka kukafika kunyanja. Utali wake wonse ndi woposa makilomita 200. Usipa umene timagula m'misika yathu, wina umadzera njira imeneyi. Chigawo cha m'nkhalango chija chili ndi zitunda ndi makona, ndipo kuchokera pamene njovu zambiri zinasamutsidwira kumeneko m'zaka za 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, woyendetsa galimoto ayenera kuyembekeza kuti angakumane nazo pamsewu. Si malo ofikapo munthu maso atayamba kale kulemera.

Kunena kuti M12 imathera pa chipata ndi kunena za nambala yokha, phula limapitirira. Ukawoloka pa Mwami msewu womwewo umasintha dzina n'kukhala T4, umene anzathu a ku Zambia amautcha Great East Road. Umafika ku Chipata patangopita makilomita oposa pang'ono 20, ndipo kuchokera apo umadutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kukwera mapiri a ku Rufunsa, kudutsa Chongwe mpaka ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Chipata. Tikaphatikiza zonse, kuchoka ku Lusaka kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 700. Njira imeneyi ndi mbali ya msewu wa malonda wopita kudoko la Nacala m'dziko la Mozambique, ndipo n'chifukwa chake mathiraki a mayiko ena sasowa pa boma.

Tsono tiwerengere pang'ono. Lole yolemedwa, poganizira zitunda, maenje, malo ochitira malonda ndi zipata za apolisi, ikamayenda bwino ingathe kumatha makilomita 60 pa ola. Makilomita 700 pa liwiro limeneli ndi maola pafupifupi khumi ndi awiri munthu ali pachiwongolero, osawerengera nthawi yodikira pa chipata, pa sikelo ya magalimoto kapena pothira mafuta. Dalaivala amene wanyamuka ku Lusaka mbandakucha amafika m'boma lathu dzuwa litapendeka kapena mdima utagwa kale, atayenda maola khumi, ndipo mtima wake uli poti angomalizitsa kachigawo katsalako akagone ku Lilongwe. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife eni dera. Chifukwa chakuti tili kumapeto kwa misewu, ambiri mwa amene amadutsa pakati pathu amadutsa ali otopa kotheratu. Galimoto imaoneka chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo, koma munthu amene ali m'katimo sakhala yemwe uja.

Msewu wautali kuposa yonse m'dziko muno ndi M1, umene alimi athu amaulowa pa Chinkhoma kapena ku Lilongwe. Umayambira pa mlatho wa Songwe m'malire a Tanzania, kudutsa Karonga, kukwera phiri la Chiweta, Mzuzu, nkhalango ya Chikangawa, Jenda, Kasungu, Mponela, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Zalewa, Blantyre, kutsika zitunda za ku Thabwa kupita ku Chikwawa, Nchalo, Bangula, Nsanje mpaka ku Marka. Ndi makilomita oposa 1,000. Pa liwiro lija la makilomita 60 pa ola, ndi maola osachepera 17 osaima. M'mayiko olemera muli anthu amene amayenda misewu yotere yonse pofuna kungosangalala, monga amachitira ndi msewu wakale wa Route 66 ku America wochoka ku Chicago kupita ku California, koma iwo amauyenda masiku angapo, akugona panjira. Kwathu kuno amene amayenda mitunda yotere ndi onyamula mafuta, feteleza ndi katundu wa m'masitolo, ndipo ambiri amalipidwa potengera maulendo amene ayenda. Tulo akamatiumira, amatiumira chifukwa cha ndalama.

Kutopa kwa dalaivala sikubwera ndi phokoso ayi. Kumayamba ndi kuyasamula, khosi kulemera, munthu kuiwala kuti mudzi uja waudutsa nthawi yanji. Kenaka maso amatsinzina kwa kamphindi kochepa kwambiri mwini wake osazindikira. Galimoto imene ikuthamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita oposa 20 pa sekondi imodzi. Kutsinzina kwa masekondi atatu ndiye kuti yayenda mamita oposa 60 popanda woiwongolera. M'mamita amenewo mungathe kukhala wa kabaza, mwana wochokera ku chigayo, kapena ngolo yopanda chonyezimira. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pakati pa usiku kufikira mbandakucha, komanso masana munthu atangodya. Kutsegula zenera, kukweza wailesi, kutafuna chingamu kapena kumwa zakumwa zija amati zopatsa mphamvu kumangomunamiza munthu kwa kanthawi. Mankhwala a tulo ndi kugona basi.

Mayiko ena anaika zimenezi m'malamulo okhwima. Ku Ulaya, mwachitsanzo, dalaivala wa thiraki kapena basi amayenera kupumula mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo mwachizolowezi sapitirira maola asanu ndi anayi pa tsiku. M'galimoto mumakhala kachipangizo kolemba nthawi yonseyo. Alangizi a zapamsewu amalimbikitsanso kuima pang'ono maola awiri aliwonse. Ife sitingadikire kachipangizo kuti katiuze chimene maso athu akuona. Gulu la alimi likamachita hayala galimoto, lili ndi mphamvu yofunsa mafunso atatu kapena anayi lisanapereke ndalama: dalaivalayu wachokera kuti ndipo wagona maola angati, pali mnzake womulandira ngati ulendo uli wautali, matayala ndi nyale zili bwanji, ndipo akagona kuti ngati msika uchedwa. Safunsa anadya phula. Ine maganizo anga ndi akuti ndalama ya malo ogona a dalaivala iziwerengeredwa limodzi ndi ya mafuta kuyambira pachiyambi, isamaoneke ngati chifundo chimene timachita zinthu zikayenda bwino.

Ndinaziona ndekha chaka china ndikuchokera ku Nkhotakota pa galimoto ya matola. Dalaivala anali atanyamuka kuno usiku, wakasiya katundu kunyanja, ndipo amabwerera tsiku lomwelo. Titadutsa Santhe ndinaona kuti wasiya kuyankha nthabwala za anzake, ndipo kawiri konse matayala akumanzere anagwera kunja kwa phula. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anangoti, “Bambo, imani pamthunzipo, ife sitikuthamangira maliro.” Ena anang'ung'udza kuti tichedwa. Tinaima, dalaivala anagona mphindi makumi atatu pansi pa mtengo wa mango, ndipo tinafika pa Kamwendo kusanade. Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti ine, amene ntchito yanga ndi kulankhula ndi anthu, ndinaona zonsezo koma ndinakhala chete.

Kwa amene ulendo wawo ndi wowoloka malire, zinthu zinapepukako kuyambira mu Disembala 2022, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinamangidwa ndi thandizo la African Development Bank. Kale munthu ankaima kawiri, mbali ya Malawi ndi mbali ya Zambia. Tsopano maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi ndipo woyenda amaima kamodzi. Komabe chipata chimafulumira kwa amene mapepala ake ali m'malo: chiphaso choyendera, laisensi, mapepala a galimoto, inshuwalansi yogwira ntchito kutsidya monga Yellow Card ya COMESA, ndi zikalata za katundu. Pepala limodzi likasowa, maola amene munthu anawerengera kuti ayenda masana amathera pa chipata, ndipo ulendo wotsalawo umagwera usiku. Maulendo ambiri ausiku amayamba motero, osati mwa kufuna.

Walira mvula walira matope. Tinkafuna phula ndi chipata chabwino kuti malonda ayende, ndipo akuyendadi. Pamodzi ndi malondawo pabwera magalimoto ambiri, olemera ndi othamanga. Amene tili m'mbali mwa misewu kapena timapita kumisika ya pamsewu tili ndi gawo lathu. Lamulo linasiya malo a msewu wa gulu la M okwana mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Malo amenewa si ongotsala opanda mwini. Ndiwo amapatsa dalaivala mpata woona patali ndi pothawira zinthu zikavuta, ndipo womanga okala kapena nyumba m'menemo angathe kudzagwetseredwa. Kuyanika chimanga kapena mtedza m'mphepete mwa phula, kuyala tomato pamzere wachikasu tsiku la msika, kuyendetsa ngolo madzulo popanda chonyezimira kumbuyo, kusiya ng'ombe ndi mbuzi kuti ziwoloke zokha: zonsezi timazichita poganiza kuti dalaivala ationa. Amene wayenda maola khumi ationa mochedwa. Oyenda pansi ayende mbali yoyang'anana ndi galimoto zimene zikubwera, ndipo a kabaza, a njinga zakapalasa ndi zamoto omwe, asanyozere chovala chonyezimira pamene kwayamba kuda.

Ambiri amabwera ku khonsolo kudzadandaula za maenje a pa M12 kapena M18, ndipo timawalandira, koma ndi bwino kudziwa kuti misewu ikuluikulu imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, ndalama zake n'kumachokera ku Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a m'chaka cha 2006. Ndalama zokonzera misewu zimachokera makamaka pa msonkho umene umaphatikizidwa pa mtengo wa mafuta, komanso pa zipata zolipiritsa monga za pa Chingeni ku Ntcheu ndi pa Kalinyeke ku Dedza, zimene wopita ku Blantyre ayenera kuziwerengera m'thumba asananyamuke. Khonsolo imapereka madandaulo anu kwa eni akewo. Chimene chili m'manja mwa khonsolo ndi misewu ya m'boma ndi ya m'midzi, ndipo kwa mlimi wa kwa Kapondo ulendo uliwonse wautali umayambira pamenepo.

Chigawo choyambachi n'chimene nthawi zambiri chimasokoneza ulendo wonse. Lole imene yatitimira maola atatu padambo kapena yazungulira kutali chifukwa kalavati inakokoloka, imafika pa phula nthawi itatha kale, dalaivala atatopa ndi kukankha, ndipo amafuna kubweza nthawiyo ndi liwiro. Choncho pamene ma VDC akusonkhanitsa zofuna za midzi kuti zipite ku ADC ndi kwa khansala, malo oipa a m'misewu yathu alembedwe ndi mayina awo enieni, kutchula mtsinje kapena dambo lake, midzi imene imadalira njirayo ndi miyezi imene siipitika. Lipoti longoti “misewu yathu ndi yoipa” limavuta kuliikira ndalama. Nthawi yabwino yolemba zimenezi ndi pamene mvula yangotha, zizindikiro za pamene madzi anadutsa zikuonekabe, kuti ngalande zitsegulidwe ndi makalavati akonzedwe magalimoto a zokolola asanayambe kulowa m'midzi.