Kodi mumadziwa? Njinga zamoto, kuyambira ku Mugello mpaka pa Guilleme

Kodi mumadziwa kuti mnyamata wa kuno ku Africa anathamangitsapo njinga yamoto makilomita 366.1 pa ola? Ameneyu ndi Brad Binder wa ku South Africa, pa mpikisano wa MotoGP ku Mugello, Italy, mu June 2023. Pa liwiro limeneli, kuchoka ku Lilongwe kukafika pa boma la Mchinji mphindi 20 sizingakwane.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale kumpikisanoko kuyendetsa mwachibwana kuli ndi chilango? Mu 2018 ku Misano, Romano Fenati anatambasula dzanja n'kufinya buleki ya mnzake Stefano Manzi, onse akuthamanga kuposa makilomita 200 pa ola. Mwamwayi Manzi sanagwe. Fenati anamutulutsa mumpikisano nthawi yomweyo, ndipo timu yake inamuchotsa ntchito.

Nanga mumadziwa chimene chimapha kawirikawiri akatswiriwa? Si kugwa kokha ayi, ndi amene akubwera m'mbuyo. Pa 23 October 2011 ku Sepang, Malaysia, njinga ya Marco Simoncelli inaterereka pakona n'kumukokera pakati pa msewu. Colin Edwards ndi Valentino Rossi analibe kolowera, anamuwomba, chisoti chake n'kuvuka. Anamwalira ali ndi zaka 24, ndipo Rossiyo anali bwenzi lake lapamtima. Shoya Tomizawa mu 2010 ndi Jason Dupasquier mu 2021 anapitanso chimodzimodzi, aliyense ali ndi zaka 19 zokha. Imfa za anawa zimandiwawa, chifukwa msinkhu wake ndi womwewu wa anyamata athu a kabaza.

Kodi mumadziwa kuti kuyambira 2018 wopikisana aliyense mu MotoGP amavala chovala chachikopa chokhala ndi thumba la mpweya mkati, limene limafufuma lokha munthu asanafike pansi? Pambali pa msewu wawo pamakhala miyala ing'onoing'ono yochepetsa liwiro la wogwa, madokotala ali tcheru, helikopita ili chire. Onse amalowera mbali imodzi. Kulibe mbuzi, kulibe ngolo, kulibe mwana wasukulu wodutsa.

Tsono bwerani pa Guilleme ku Mchinji, malo amene anatenga dzina la bishopu wa Chikatolika Mathurin Guillemé. Wa kabaza kuno ndiye amafikitsa mayi wodwala ku chipatala cha St Michael's pakati pa usiku, ndiye amatulutsa matumba a mtedza ndi soya kumidzi kumene minibasi sifika. Ntchito yake ndi yolemekezeka ndithu. Koma taonani mmene ena amalowera mumsewu wa M12: anthu awiri kapena atatu kumbuyo, khanda pakati, kumapazi patapata, kumutu kopanda kanthu, akulimbirana pasinjala ndi mnzake. Akagwa pamenepo, wobwera m'mbuyo si njinga inzake, ndi thiraki yochokera pa chipata cha Mwami itasenza katundu. Amene wathyoka kwambiri ulendo wake ndi wa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, banja n'kuyamba kugulitsa mbuzi.

Kodi mumadziwa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti njinga iime mutaponda buleki umawirikiza kanayi? Pa 80 simuima pomwe mukanaima pa 40, ndipo pa msewu wafumbi kapena wamatope mtundawo umatalikirako.

Kodi mumadziwa kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti chisoti chabwino, chovalidwa moyenera, chimachepetsa chiopsezo cha imfa pa ngozi kuposa kasanu ndi kamodzi, ndi cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti? Mawu oti "moyenera" akunena kalamba kaja ka pansi pa chibwano, kamene ambiri timangokasiya kakulendewera.