Atsogoleri a chipembedzo ndi malamulo a alendo: zokambakamba ndi zoona zake

M'chaka cha 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku kampu ya Dzaleka ku Dowa pofika pa 15 Epulo. Mwezi wa Meyi apolisi anayamba kuwagwira, ndipo ku Lilongwe anthu mazanamazana, ana omwe, anagona m'ndende ya Maula asanawatumize kukampuko. Magolosale ambiri amene tinazolowera kungoti "kwa Mburundi" anatsekedwa. Mabungwe ena a mipingo atadandaula nazo limodzi ndi omenyera ufulu, funso lakale linadzukanso, kuno ku Mangochi komwe: kodi a chipembedzo akulowereranji? Nazi zina zomwe zimanenedwa, ndi momwe zilili.

"Wansembe malo ake ndi paguwa, ndale azisiyire eni ake."

Mawuwa ali ndi nzeru yake. Palibe amene amapita kukapemphera kuti akauzidwe chipani choti avotere. Komabe kukamba za moyo wa anthu n'kosiyana ndi kukopera chipani anthu. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe inadandaula za malipiro ochepa, mavuto a m'zipatala ndi m'sukulu, kutsekera anthu osawazenga mlandu ndiponso mantha oletsa anthu kulankhula. Kalatayo anaisindikiza ku Montfort ku Balaka, m'dayosizi ya Mangochi, ndipo mmodzi mwa osainira anali Episkopi Alessandro Assolari wa Mangochi. Boma linati kalatayo ndi youkira, nyumba yosindikizirayo inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Ireland, yemwe ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anapitikitsidwa m'dziko muno. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, momwe munali mipingo ndi Muslim Association of Malawi. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa referendamu. Ufulu umene lero timatsutsira nawo abusa pa wailesi, abusa ndi mashehe anathandiza kuubweretsa.

"Wodzudzula lamulo akufuna kuti aliyense azingolowa mwachisawawa."

Nkhawa ya malire si yongopeka. Mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu ambiri amene ankaganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia, ozembetsedwa pa ulendo wa kummwera. Boma liyenera kudziwa olowa ndi otuluka. Dandaulo la odandaulawo lagona pena: kagwiridwe ka anthu, ndi lamulo lenilenilo. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, ndipo Malawi povomereza pangano la United Nations la 1951 anakana kudzimanga pa mfundo zina, monga ufulu woyenda ndi wogwira ntchito. Dzaleka inatsekulidwa mu 1994 kuti isunge anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Muli achinyamata obadwira momwemo amene sanaonepo Burundi kapena Congo. A Jesuit Refugee Service amene amaphunzitsa ana kumeneko amaziona ndi maso zimenezi. Kupempha kuti lamulo liunikidwenso ku Nyumba ya Malamulo si kuliphwanya. Tisaiwale kuti Monsinyo Roche nayenso anachotsedwa ndi chikalata cha boma.

"Imeneyo ndi nkhani ya ku Dowa, ife kunyanja kuno sitikhudzidwa."

Akuluakulu a ku Namwera ndi ku Katuli angatiuze zina. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, Malawi anasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Kwa Ayao, ambiri a tsidya la Chiponde ndi Mandimba si alendo: ndi atsibweni ndi azakhali amene malire a atsamunda anawasiya mbali inayo. Nkhondoyo inathera pa pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pakati pa ankhalapakati panali gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Apo chipembedzo chinalowa m'ndale mpaka m'khosi, anthu n'kubwerera kwawo.

Komanso ndi mudzi uti wa kuno umene ulibe mwana ku Joni? Nyumba zambiri za malata m'mbali mwa msewu wa Monkey Bay ndi Makanjira zinamangidwa ndi marandi. Ambiri mwa anyamatawo masiku awo a m'pasipoti anatha kalekale, ndipo akagwidwa amakasungidwa ku Lindela podikira kubwezedwa. Pa zipolowe zothamangitsa alendo kumeneko mu 2008 ndi 2015, matchalitchi ndi mizikiti ndi ena mwa malo amene anthu anathawirako. Episkopi Paul Verryn anatsekula tchalitchi cha Central Methodist ku Johannesburg kwa anthu zikwizikwi, ambiri a ku Zimbabwe, ndipo andale ena anamuda nazo. Mayi wa ku Malindi amene mwana wake ali kumeneko sangamutche mbusa wotere wolowerera.

"Zosamala alendo n'za Akhristu."

Akhristu amakumbukira kuti Yosefe ndi Mariya anathawira ndi mwana ku Ejipito. Asilamu nawo amadziwa kuti otsatira oyamba a Mtumiki Muhammad, atazunzika ku Makka, anathawira ku Abyssinia, komwe mfumu yachikhristu inawasunga n'kukana kuwapereka kwa owalondola. Boma ngati lathu la Mangochi, momwe azana ndi belu la tchalitchi zimamveka m'mudzi umodzi, lili ndi mbiri zonse ziwirizi.

"Ndiye kuti chilichonse chimene anena atsogoleri a chipembedzo n'choona."

Ayi ndithu. Tawaonapo ena akulandira maenvulopu pa misonkhano ya ndale, pakamwa n'kutsekeka. Ndiponso ntchito yobweza anthu ku Dzaleka inachitika dziko likutsogozedwa ndi Dr Lazarus Chakwera, yemwe anatsogolerapo mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20. Kolala yokha siitsimikiza kuti munthu aima mbali iti.

Choncho mbusa, wansembe kapena shehe akalankhula za malamulo a boma, tingamuyese ndi mafunso awiri. Kodi akananena zomwezo chikanakhala chipani china m'boma? Nanga amene akumulankhulirayo angamubwezere chiyani? Wothawa kwawo savota, ndipo sapereka udindo kwa aliyense. Mtsogoleri amene akudziika m'mavuto chifukwa cha munthu wotere tiyenera kumumvera kaye mpaka amalize, ngakhale pamapeto pake titasiyana naye maganizo.