Perete, mdipiti ndi zionetsero: mphamvu za bwanamkubwa zimalekera pati?

Pa Lamulungu la Kanjedza akhristu amadzaza misewu ya m'matauni athu akuimba, kanjedza ali m'manja. Lachisanu Loyera ena amayenda Njira ya Mtanda, pa nthawi ya Ziyala Asilamu amaguba atavala zoyera, ndipo pa 1 Meyi anthu apantchito amachita perete atanyamula nsalu zolembedwa madandaulo awo. Masiku onsewa magalimoto amaima, minibasi zimakhotera m'tinjira ta m'makwalala, akabaza amadikira, koma simumva wina akunena kuti msewu walandidwa. Nkhani imasintha anthu oyendawo akakhala kuti akupita ku Capital Hill kapena ku ofesi ya khonsolo ndi chikalata chodzudzula boma. Pamenepo m'pamene timamva pa wailesi kuti zionetserozo n'zosaloledwa chifukwa okonza "sanapatsidwe chilolezo". Mawu amenewa azolowereka mwakuti anthu ambiri amakhulupirira kuti bwanamkubwa ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana monga mmene wafunira. Malamulo a Malawi sanena choncho. Ntchito ya wolamulira dera ndi kuona za nthawi, njira ndi chitetezo, osati kuyeza ngati uthenga wa oyendawo ukumukomera.

Poyambira pake ndi gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi anzake ndi kuchita zionetsero, bola zikhale zamtendere ndipo pasakhale zida. Ndondomeko yake ili m'lamulo la apolisi la 2010. Lamuloli likuti wokonza apereke kalata yodziwitsa bwanamkubwa wa boma, ina ipite kwa mkulu wa polisi wa deralo, kusanatsale maola ochepera 48 kuti mwambowo uchitike. M'kalatamo mumalembedwa dzina la wokonza ndi komwe angapezeke, cholinga, tsiku ndi nthawi, malo okumanirana, misewu yomwe anthu adzadutse, malo obalalikira, chiwerengero cha anthu omwe akuyembekezeka komanso cha omwe adzathandize kusungitsa bata pakati pa gululo. Bwanamkubwa akaona kuti pali chovuta, amayenera kuitana okonza ndi apolisi kuti akambirane, ndipo pa zokambiranazo njira kapena nthawi itha kusinthidwa. Palinso malo otetezedwa, monga nyumba ya malamulo, nyumba za mtsogoleri wa dziko ndi mabwalo a milandu, komwe gulu silingangofika pafupi popanda kuloledwa mwapadera. Kuletseratu kumabwera pomalizira, pakhale chifukwa chogwirika, ndipo wosakhutira ali ndi mwayi wokamang'ala kubwalo lalikulu la milandu.

Taonani zomwe zikufunsidwa m'kalata ija. Zonse ndi zothandiza wapolisi wapamsewu kudziwa poti aime ndi poti akhotetsere magalimoto. Gulu likanyamuka pa Kamuzu Upper Stadium n'kutsika mumsewu wa Masauko Chipembere mu Blantyre, likudutsa pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo ambulansi yonyamula mayi wodwala iyenera kukhala ndi podzera. Gulu likachokera pabwalo la Community ku Lilongwe, likudutsa pakati pa misika ndi mashopu a Mchesi, pomwe mavenda ayala malonda awo mpaka m'mphepete mwa phula. Kupempha okonza kuti ayende mbali imodzi ya msewu, ayambe m'mawa ana atalowa kale m'kalasi, kapena asakumane ndi gulu lina lotsutsana nawo tsiku limodzi pamalo amodzi, n'zomveka ndipo palibe wanzeru angakane. Lamulo lotere limagwira aliyense mofanana, kaya ndi kwaya ya mpingo, ochemerera timu ya mpira yomwe yatenga chikho, kapena bungwe lomenyera ufulu.

Vuto limayamba pomwe mphamvu yokonza msewu yasanduka mphamvu yosankha oyenera kumveka, ndipo mbiri yathu ili ndi umboni wokwanira. Mu 2002, pomwe mkangano woti pulezidenti aziloledwa kuimira teremu yachitatu udafika pachimake, Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti waletsa zionetsero zonse zokhudza nkhaniyo. Bungwe la maloya la Malawi Law Society pamodzi ndi mabungwe a mipingo adapita kukhothi, ndipo bwalo lalikulu lidagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi malamulo aakulu, poti mawu olankhulidwa pamsonkhano si lamulo. Ku Zambia nakonso, mu 1996, bwalo la Supreme pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake lidathetsa gawo la lamulo la Public Order Act lomwe linkakakamiza anthu kupempha chilolezo cha apolisi asanasonkhane. Oweruza adaona kuti lamulolo linkasiya zonse m'manja mwa wapolisi popanda malire omutsogolera. Ngakhale kutali ku Birmingham m'chigawo cha Alabama ku America, m'busa Fred Shuttlesworth adamangidwa mu 1963 chifukwa chotsogolera anthu akuda kuguba opanda chilolezo cha mzinda, koma mu 1969 bwalo la Supreme la dzikolo lidafafaniza mlanduwo pa chifukwa chomwechi. Maiko ndi osiyana, zaka n'zosiyana, koma oweruza adafika pa mfundo imodzi: ukapatsa wolamulira mphamvu yokana popanda muyeso wolembedwa, amayamba ndi kukana omwe akumudzudzula.

Otsutsa maganizo awa ali ndi mfundo yolemera, ndipo si bwino kuipeputsa. Aliyense yemwe adaona Lilongwe ndi Mzuzu m'miyezi yotsatira chisankho cha pa 21 Meyi 2019 akukumbukira mashopu othyoledwa, matayala oyaka pakati pa msewu ndi maofesi otenthedwa pa nthawi ya zionetsero zomwe bungwe la Human Rights Defenders Coalition linkatsogolera pofuna kuti Jane Ansah atule pansi udindo wake ku bungwe loyendetsa zisankho. Mayi wogulitsa kaunjika yemwe adatenga ngongole kubanki m'khonde kuti aode belo, katundu wake n'kubedwa tsiku limodzi, ali ndi ufulu wofunsa kuti nanga iye akumuteteza ndani. Funso lake ndi lachilungamo. Koma yankho lake lili kale m'malamulo: wakuba ndi wowotcha ayenera kumangidwa ngati wakuba ndi wowotcha, ndipo lamulo la apolisi lomweli limapereka mpata kwa owonongeredwa katundu kuti asumire okonza. Chomwe sichiloledwa ndi kulanga anthu zikwizikwi oyenda mwamtendere chifukwa cha gulu lochepa la anyamata olowerera. N'chifukwa chake mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo atayesa mu 2019 kupempha makhothi kuti aletse zionetserozo, pomalizira pake sadaphule kanthu.

Komanso kuletsa sikudabweretsepo bata lomwe oletsawo amalonjeza. Pa 20 Julayi 2011 anthu adadzuka n'kumva kuti usiku wapitawo kwatuluka chiletso cha khothi choimitsa zionetsero zomwe zidalengezedwa kalekale. Anthu anali atafika kale m'misewu, atsogoleri awo ali kalikiliki kuthamangira kukhothi, apolisi akubalalitsa khamu ndi utsi wokhetsa misozi kenaka ndi zipolopolo. Pa masiku awiri anthu pafupifupi 20 adafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Gulu lomwe lili ndi njira yogwirizana, atsogoleri odziwika ndi apolisi oyenda nalo limbali limatha kuwongoleredwa. Gulu lomwe lauzidwa mochedwa kuti libwerere kwawo limatsala lopanda mtsogoleri, ndipo m'chipwirikiti chotero ndimo mbava zimapezera mpata.

Ena amati okonza azipereka kaye chikole cha ndalama, kuti zinthu zikawonongeka pakhale polipirira. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adanenapo zotere mu 2011, potchula K2 miliyoni. Ganizoli limaoneka laukadaulo, koma mapeto ake ndi akuti chipani cholemera chidzayenda mumsewu pomwe anamwino odandaula za malipiro kapena anthu a m'mudzi olandidwa malo adzakhala pakhomo. Ufulu womwe umafuna kaye ndalama watsala wa okhupuka okha.

Choncho chomwe chikufunika ku makhonsolo athu si mphamvu zowonjezera, koma kuchita zinthu poyera ndi mwachangu. Wopereka kalata adindiridwe chidindo chosonyeza tsiku ndi ola lomwe yalandiridwa. Zokambirana ziitanidwe msanga, osati madzulo a tsiku lomaliza pomwe makhothi atseka. Ngati njira yasinthidwa, chifukwa chake chilembedwe, ndipo njira yatsopanoyo ikhale yofikitsabe anthu kwa yemwe akufuna kumuuza mawu, osati kuwaponya kubwalo la mpira kunja kwa tauni komwe palibe angawamve. Chifukwa chakuti apolisi ndi ochepa tsiku limenelo sichingamveke ngati sabata yomweyo apolisi omwewo aperekeza mdipiti wa chipani cholamula. Nawonso okonza ali ndi mbali yawo: kupereka kalata pa nthawi yake, kunena zoona za chiwerengero cha anthu, kukhala ndi osungitsa bata ovala zoti aziwoneka, ndi kubalalitsa anthu pa ola lomwe adagwirizana.

Inu amene mukukonza perete ya sukulu, ulendo wandawala wotolera ndalama za chipatala, mdipiti wa mpingo kapena zionetsero, perekani kalata yanu kudakali maola osachepera 48 kuti mwambowo uchitike, sungani ina yodindidwa, ndipo mukaitanidwa ku zokambirana pitani. Wina akakuuzani pakamwa kuti simunaloledwe, m'pempheni alembe chifukwa chake ndi gawo la lamulo lomwe watsamira, chifukwa pepala limenelo ndi lomwe woweruza adzafune kuona.