Kabati ya DDA ndi Nkhondo Yolimbana ndi Mankhwala Ozunguza Bongo

Kuseri kwa windo lomwe odwala amalandirirapo mankhwala, m'famase ya chipatala chilichonse chachikulu, mumakhala kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma. Ogwira ntchito amangoitchula kuti DDA, potengera dzina la lamulo la Dangerous Drugs Act. Kiyi wake sagona m'dirowa. Amakhala m'thumba la munthu mmodzi, ndipo munthuyo akamaweruka amamupereka pamanja kwa mnzake. Pambali pa mabotolo pamakhala kaundula, momwe chilichonse chotuluka chimalembedwa: tsiku, dzina la wodwala, muyezo, amene walamula, amene wapereka, ndi zimene zatsala. Kabotolo ka jakisoni kakagwa n'kusweka, magalasi ake satayidwa mpaka mboni itawaona n'kusayina.

Ndagwira kiyi ameneyu kwa zaka zambiri monga wazamankhwala, ndipo zimene ndikudziwa pa mkangano woti mankhwala ozunguza bongo aloledwe kapena ayi ndinaziphunzira nditaima pa kabatiyi.

M'kati mwake mumasungidwa morphine. Amachokera ku utomoni wa duwa lotchedwa poppy, duwa lomwelo lomwe limabala heroin. Ndipotu heroin ndi morphine yemweyo wongosinthidwa pang'ono, ndipo akalowa m'thupi amasandukanso morphine. Ku Britain madokotala amalembera odwala heroin mpaka lero, pa dzina loti diamorphine. Chinthu chimodzi chomwecho: kwina munthu amamangidwa nacho unyolo, kwina namwino amachibweretsa pa thireyi.

N'chifukwa chake funso loti "aloleze kapena asaloleze" limamveka loperewera kwa munthu wa ku famase. Panado amagulitsidwa ngakhale pa okala. Amoxicillin amafuna kapepala ka dokotala. Morphine amafuna kapepala, kiyi, kaundula ndi mboni. Pakati pa kuletseratu ndi kusiya chitseko pululu pali mashelefu ambirimbiri, ndipo mkangano weniweni ndi woti chinthu chilichonse chiikidwe pa shelefu iti, nanga kiyi asunge ndani.

Amene anayamba kupatula morphine ku utomoni uja anali mnyamata wophunzira ntchito ya m'famase ku Germany, Friedrich Sertürner, cha m'ma 1805. Mu 1898 kampani ya Bayer inayamba kugulitsa heroin poyera ngati mankhwala a chifuwa. Anthu atayamba kugwidwa ndi chibaba, mayiko anayamba kumanga malamulo, ndipo mu 1961 anasayinirana pangano lotchedwa Single Convention on Narcotic Drugs. Panganoli linaima pa miyendo iwiri: mankhwalawa asalowe mumsewu, komanso asasowe kwa odwala. Mpaka lero dziko lililonse limatumiza ku bungwe la International Narcotics Control Board ku Vienna chiwerengero cha morphine amene likufuna chaka chamawa. Koma m'zaka zotsatira mwendo woletsa ndi umene unanenepa, wa odwala n'kupuwala.

Mu June 1971 pulezidenti Richard Nixon wa ku America analengeza kuti mankhwala ozunguza bongo ndiwo mdani wamkulu wa dziko lake, ndipo mawu oti nkhondo anamera pomwepo. Mu 1973 kunabadwa nthambi ya boma yolimbana ndi mankhwalawa yotchedwa DEA. Mu 1986 kunabwera lamulo loti wopezeka ndi magalamu 5 a crack alandire chilango chofanana ndi wopezeka ndi magalamu 500 a cocaine waufa: zaka zosachepera 5 m'ndende. Kwa wazamankhwala ziwirizi ndi mankhwala amodzi, kusiyana kwake n'kwakuti wina amasutidwa pomwe wina amafwenkhedwa m'mphuno. Koma crack anali wofala m'madera osauka a anthu akuda, ndipo ndende zinadzaza ndi achinyamata a kumeneko. Kusiyana kwa zilangoku kunachepetsedwa mu 2010.

M'mayiko a kumwera kwa America nkhondoyi inali ya mfuti zenizeni. Pablo Escobar, mkulu wa gulu lozembetsa cocaine ku Colombia, anaphedwa ku Medellín mu December 1993, koma malonda ake anangogwera m'manja mwa gulu la ku Cali, ndipo dziko la Colombia likadali patsogolo pa ulimi wa coca, mbewu yopangira cocaine. Ku Mexico, pulezidenti Felipe Calderón anatumiza asilikali ku Michoacán mu December 2006. Mtsogoleri wa gulu akagwidwa, otsala amalimbirana mpando, gulu limodzi n'kusweka kukhala timagulu tingapo tolusa kuposa loyamba. Lero kaundula wa boma la Mexico ali ndi mayina oposa 100,000 a anthu amene anasowa. Ku Philippines, apolisi enieniwo anavomereza kuti anthu oposa 6,000 anafa pa ntchito yosaka mankhwala mu ulamuliro wa Rodrigo Duterte, ndipo mu March 2025 iye anatengedwa kupita kukhoti la ICC ku The Hague.

Pali chifukwa chimene kuletsa kumapangitsira mankhwala kukhala aukali kwambiri. Pamene America inaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, ozembetsa anakonda whisky kuposa mowa wamba, chifukwa botolo limodzi laukali limabisika mosavuta kuposa mgolo wa mowa wopepuka. Lero m'malo mwa whisky muli fentanyl, yemwe ndi wamphamvu pafupifupi ka 50 kuposa heroin. Katundu amene kale ankafuna lole tsopano amakwana m'chikwama chapamsana.

Apa ndi pamene mtima wa wazamankhwala umawawira. Botolo la m'famase limakhala ndi lebulo: mphamvu yake, tsiku lothera ntchito, nambala yoti likavuta lilondoledwe kumene linapangidwa. Kapaketi kogula pakona kalibe chilichonse mwa izi. Wogula sadziwa ngati muyezo wa lero ndi wofanana ndi wa dzulo, ndipo pa fentanyl kusiyana kwa timamiligalamu tochepa n'kokwanira kuimitsa mpweya.

Komabe amene akuganiza kuti yankho ndi kungotsegula chitseko ayambe wamva nkhani ya OxyContin. Mapiritsiwa anali ovomerezeka, a lebulo yabwinobwino, ogulidwa m'mafamase. Kampani ya Purdue Pharma inawatulutsa mu 1996 n'kumauza madokotala kuti chiopsezo chozolowera n'chochepa. Anthu ochuluka anagwidwa chibaba kudzera pa kapepala ka dokotala, ndipo malamulo atakhwima ambiri anasamukira ku heroin, kenako ku fentanyl. Kampaniyi inavomera milandu kukhoti mu 2007 ndi mu 2020. M'chaka cha 2021 chokha, anthu oposa 100,000 anafa ku America chifukwa chopyola muyezo wa mankhwala osiyanasiyana. Kiyi akaperekedwa kwa munthu amene phindu lake limakula anthu akamamwa kwambiri, maliro amachulukanso.

Mayiko amene ayesa njira zapakati sanayese chinthu chimodzi, ngakhale pa wailesi zonse zimangotchedwa kuloleza.

Njira yoyamba ndi kuchotsa mlandu kwa wosuta, wogulitsa n'kukhalabe wolakwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, dziko la Portugal linali ndi anthu pafupifupi 100,000 ogwiritsa ntchito heroin, munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. Kuyambira July 2001, wopezeka ndi mankhwala osapitirira a masiku 10, monga galamu imodzi ya heroin kapena magalamu 25 a chamba, sapita kwa woweruza. Amakaonekera ku komiti yomwe mumakhala wodziwa zamalamulo ndi odziwa zaumoyo kapena zachisamaliro cha anthu. Mankhwalawo amalandidwa ndithu, ndipo komitiyo ikhoza kumulipiritsa kapena kumutumiza kukalandira thandizo. Dokotala João Goulão, mmodzi mwa amene anakonza ndondomekoyi, wakhala akufotokoza kuti lamulo palokha silikanachiza munthu popanda zipatala, mankhwala olowa m'malo mwa heroin otchedwa methadone ndi masingano aukhondo. Anthu odzibaya opezeka kumene ndi HIV anatsika kuchoka pa oposa 1,000 mu 2001 kufika pa ochepera 20 mu 2017.

Chigawo cha Oregon ku America chinatengera theka la phunziroli. Mu November 2020 ovota anachotsa mlandu, wopezeka ndi mankhwala ochepa n'kumangopatsidwa tikiti ya madola 100 ndi nambala ya foni yoimbira akafuna thandizo. Ndalama za malo othandizira anthu zinachedwa kufika, oimba foni anali ochepa, ndipo fentanyl anali atangofika m'misewu ya Portland. Mu 2024 aphungu anabwezeretsa mlandu.

Njira yachiwiri ndi kulola malonda koma boma n'kugwira kiyi. Dziko la Uruguay linachita zimenezi ndi chamba mu December 2013, mu ulamuliro wa José Mujica. Kuyambira July 2017 nzika yolembetsa imapita ku famase, kuika chala pa makina, n'kugula osapitirira magalamu 40 pamwezi. Kutsatsa malonda n'koletsedwa, ndipo mlendo wodzacheza saloledwa kugula. Dziko la Canada linatsatira mu October 2018, koma ilo linapatsa mpata waukulu makampani.

Njira yachitatu ndi ya ku Switzerland. Paki ya Platzspitz mumzinda wa Zurich itadzaza ndi odzibaya, dzikolo linayamba mu 1994 kupereka heroin kuchipatala kwa anthu amene njira zina zonse zinawakanika. Poyambapo wodwala ankabwera pa nthawi yake, kulandira muyezo woyezedwa bwino namwino akuona, n'kubwerera kuntchito kapena kunyumba osatenga kalikonse. Mu 2008 anthu a dzikolo anavota kuti ndondomekoyi ikhazikike m'malamulo. Imeneyo ndi kabati ya DDA yomweyi, yongotsegulidwira wodwala wamtundu wina.

Kuno kwathu nkhaniyi imafika kudzera pa chamba. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza Cannabis Regulation Act, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority lopereka ziphaso zolimira chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Ambiri anamva ngati kusuta kwaloledwa. Sikunaloledwe: wopezeka ndi ndudu ya chamba amazengedwabe mlandu. Ku South Africa ndi kosiyana, chifukwa mu September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta chake m'malo ake achinsinsi, koma osagulitsa. Chimene chimandivutitsa maganizo pa lamulo lathu n'chakuti mtengo wa chiphaso unaikidwa m'madola masauzande. Mlimi wa kumapiri a Nkhotakota, amene makolo ake anasunga mbewu yomwe inatchukitsa dzina la Malawi Gold, sangaufikire, ndipo amakhalabe wothawathawa apolisi.

Izi sizikutanthauza kuti chamba ndi ndiwo zamasamba. Mnyamata amene wayamba kusuta ali wamng'ono, tsiku ndi tsiku, makamaka chamba chaukali, amakhala pa chiopsezo chachikulu chodwala matenda a m'maganizo, ndipo ogwira ntchito m'mawodi a matendawa amawaona anyamata otere. Funso n'loti mnyamatayo athandizidwa bwino ali m'selo yothithikana kapena ali pamaso pa namwino. A ku Tanzania anayankha funso lofanana nalo pa heroin, yemwe amadutsa m'gombe la kum'mawa kwa Africa: mu 2011 anatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam.

Pali anthu enanso ovulala pa nkhondoyi amene satchulidwa kawirikawiri. Akatswiri amene magazini ya zaumoyo ya The Lancet inawasonkhanitsa anapeza mu 2017 kuti pa matani pafupifupi 300 a morphine ndi anzake ogawidwa padziko lonse pachaka, mayiko osaukitsitsa ankalandira makilogalamu pafupifupi 100 okha. Mtengo si umene ukuletsa, poti morphine waufa ndi wotchipa. Choletsa chachikulu ndi mantha: dokotala amaopa kulemba, wa ku famase amaopa kuitanitsa wambiri, wachibale amaopa kumwetsa. Dziko la Uganda linasonyeza njira. Dokotala Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 n'kuyamba kusungunula morphine waufa m'madzi kuti wodwala azimwera kunyumba, ndipo mu 2004 dzikolo linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kuti azimulembera odwala.

Mantha amenewa ndimakumana nawo pa windo. Tsiku lina kunabwera mtsikana ndi kapepala ka mayi ake, omwe ankadwala khansa ya khomo la chiberekero ndipo anali atatha masiku osagona. Nditamupatsa botolo la morphine wakumwa, analigwira ngati lotentha.

"Adokotala, si awa amati munthu akangoyamba ndiye kuti basi zatha? Komanso amayiwo sazolowera?"

Ndinamuuza kuti, "Achemwali, chimene chikuwafooketsa amayi panopa ndi ululu. Muziwamwetsa maola 4 alionse, osadikira kuti ayambe kubuula. Muziyeza ndi sirinji iyi, mpaka pa mzere uwu. Awa ndi ofewetsa m'mimba, chifukwa morphine amadzimbitsa. Botololi muziliika patali ndi ana, ndipo likatha mubwere nalo."

Anabweradi patatha milungu iwiri, botolo lopanda kanthu atalikulunga m'chitenje. Anati usiku woyamba womwewo amayi anagona mpaka tambala kulira, ndipo pofika Lamlungu anapempha kuti awatulutsire mphasa pakhonde n'kuyamba kusenda mtedza ndi adzukulu awo. Ndinatulutsa kiyi m'thumba, kutsegula kabati, kulemba tsiku ndi muyezo m'kaundula, n'kuitana namwino kuti adzasayine pambali pa dzina langa.