Kodi Magetsi a Mphepo Angayenere Pakhomo Panu?

Amayi, ambiri mudamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene mu 2002 adaunikira nyumba ya makolo ake ndi makina ozungulira ndi mphepo. Musanatulutse ndalama zanu za geni, yambani mwapenda malo anu.

Mwera wa miyezi yozizira wokha sukwanira. Makinawa amafuna mphepo ya chaka chonse. Mangani kansalu pansonga ya nsungwi yaitali, muzikayang'ana m'maŵa ndi madzulo. Kakamangolendeŵera masiku ambiri, ndalama zanu zidzaloŵa m'madzi.

Makinawa ayenera kukwezedwa pafupifupi mamita 9 kuposa mitengo ndi madenga oyandikira. Choncho a kumtunda kwa mbee muli ndi mwayi. Inu a m'tauni, kumene nyumba zimatchinga mphepo, sola ndiye angakupindulireni. Kambiranani mofatsa ndi bambo a kunyumba musanagule.