Pamene Miyendo Yopulumuka Poliyo Yayamba Kutopa

Pakati pathu pali amuna ndi akazi ambiri amene poliyo inawagwira akali makanda, m'zaka zija katemera asanafike m'midzi yonse, amene, atalimbana ndi zitsulo za m'miyendo pamodzi ndi ndodo, anaphunzira kuyenda, nalima, namanga mabanja, kufikira anansi awo anaiwala kuti anadwalapo. Koma patapita zaka 15 mpaka 40, ena a iwo akuzizwa poona kuti ulendo wa kuchigayo, umene kale ankauyenda osapumira, wayamba kuwatalikira, bondo likungopindika lokha, ndipo kutopa kukuwagwera dzuwa lisanafike paliwombo. Madokotala amalitcha vutoli post-polio syndrome, ndipo limapeza anthu 25 mpaka 40 mwa 100 alionse opulumuka.

Sikuti kachilombo kabwerera, ndipo wodwalayo sangapatsire mnzake. Poliyo imaononga ina mwa mitsempha ya mumsana imene imalamulira minofu. Tsono mitsempha yotsalayo imaphuka nthambi zatsopano nkutenga minofu yosiyidwa ija, monga malume amene walandira ana amasiye a mlongo wake kuonjezera pa ake omwe. Ndi chifundo chimenechi chimene chinaimiritsa ana aja. Komatu mtsempha umene wasenza katundu wa anzake kwa zaka makumimakumi umafika polefuka, nthambi zake nkuyamba kufota. Pamenepo mwendo wabwino, umene wakhala ukugwira ntchito ya miyendo iwiri, umayamba kuphwanya m'mfundo, mapewa amene akhala akutsamira ndodo amadandaula, ndipo kugwa kumachuluka, chinthu choopsa ndithu pakuti mafupa a mwendo wopuwala amakhala osalimba.

Chondimvetsa chisoni nchakuti langizo limene linawapulumutsa paubwana, lakuti limbikira, usagonje, ndilo limene lingawapweteke paukalamba. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Minofu yotere ikaumirizidwa kufikira kupweteka imafookerako. Imafuna kulimbitsa thupi kwapang'ono, kupumira panjira, ndi kuti thupi lisanenepe kwambiri. Wotenganso ndodo imene anaitaya ali mnyamata, kapena kukwera njinga ya olumala popita kutali, asanenedwe ulesi, pakuti mankhwala ochiza vutoli kulibe, ndipo mphamvu yotsalayo njofunika kuisunga.

Bungwe la Malawi Against Polio, limene linayamba mu 1979 ndipo pambuyo pake linatchedwa Malawi Against Physical Disabilities, linaimiritsa ana ambiri a nthawi imeneyo. Ana omwewo lero ndi agogo. Chitsulo chimene anayezedwa nacho kalekale sichingagwirizanenso ndi thupi la lero, motero nkoyenera kupita kumalo monga Kachere ku Blantyre, kapena kuchipatala chachikulu chapafupi, kuti akaonenso kayendedwe kawo, nsapato yokweza mwendo waufupi, ndi kutalika kwa ndodo.